Chidindo Chimene Sindinagobe

Batu Pahat, 17 Ogasiti 1997

Make Wardah,

Salaam aleikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana ndi wa mayi anu. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la pulasitiki, koma si kogoneka munthu.

Kalata yanu yandipeza Lachisanu. Mwafunsa kuti munthu amene wakhala zaka zitatu akugwetsa zipatso za kanjedza m'minda ya eni walowa bwanji m'shopu ya m'tauni, ndipo akuchitamo chiyani. Ndinabwera kudzanyamula katundu basi. Tsiku lina mwini shopu, Tauke Foong, anandiona ndikulemba adiresi yanu pa envulopu. Anaitenga, n'kuiyandikitsa kumaso, n'kunena kuti, "Dzanja ili likuwonongeka ndi makatoni. Bwera kuno."

Shopuyi imapanga zikwangwani za madokotala, za pazitseko za maofesi, timabaji ta maina tovala pachifuwa, ndi zidindo za makampani. Pakona pali makina akale kuposa ine, a mikono inayi yachitsulo yolumikizana. Mbali ina timandandalika zilembo zamkuwa zogobedwa kale, chimodzichimodzi, mpaka dzina litakwana, n'kuzimanga kuti zisasunthe. Ine ndimagwira kamsomali n'kumakayendetsa m'mizere ya zilembozo. Mbali inayo kuli dzino lozungulira limene limatsatira dzanja langa, n'kumagoba dzina lomwelo papulasitiki kapena pamkuwa. Ukasuntha zomangira pamikonoyo, chilembo chachikulu ngati chikhatho chimatuluka chaching'ono ngati njere ya mpunga. Dzanja likanjenjemera, dzino nalo limanjenjemera.

Sabata yoyamba ndinawononga zikwangwani zingapo. Tauke sanakalipe. Anangotola chimodzi n'kuti, "Dokotala uyu dzina lake ndi Subramaniam. Iwe wamupatsa ma A anayi. Iye akufuna atatu okha, mmodziyo utumize kwanu." Mkuluyu maso ake akutha, ndipo mwana wake yekhayo ali ku Singapore, safuna n'kumva komwe za shopu. Pano chilolezo changa chogwirira ntchito chalembedwa m'dzina la shopuyi, ndipo makiyi amasunga ndine.

Mlongo wanu Jumadil anabwera Loweruka madzulo kuchokera kumene akumanga nyumba. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako n'kuyamba.

"Ndiye ntchito yake ndi imeneyi, alamu? Kudutsa m'mizere imene anzanu analemba kale, ngati mwana woyamba kumene sukulu? Ife tikukwera ndi simenti mpaka kumwamba, inu mukukanda mkuwa pansi pa fani. Kuyambira lero ndinu Aphunzitsi."

Ndinamuuza kuti ayese. Anagwira kamsomali kaja ngati wagwira fosholo, ndipo J wake anatuluka ngati mbedza yopindika. Tauke anaseka mpaka kutsokomola. "Uyu abwerere ku simenti, makina anga asanamwalire," anatero, kenako anatuma munthu kukatigulira khofi ndi nthochi zokazinga. Mumuuze Saenah kuti mwamuna wake wanenepa, ndipo akuwerenga masiku kuti amve za mwana amene ali m'njira.

Ndalama ndatumiza pa positi. Fodya musagulitse kwa woyamba kufika, dikirani aone kuti simukufulumira. Denga la kukhitchini likonzedwe mvula isanayambe. Wardah asamajombe kusukulu chifukwa cha ng'ombe, ng'ombe sidzamulembera mayeso.

Mwamuna wanu,
Sahdan

Batu Pahat, 12 Okutobala 1997

Make Wardah,

Mtendere ukhale nanu nonse. Ndamva kuti mayi anadwala malungo, ndipo ndathokoza Mulungu kuti adzuka. Ine ndili bwino, koma utsi wa nkhalango zimene zikupsa kutsidya kwa nyanja waphimba tauni yonse. Dzuwa likutuluka lofiira, munthu n'kumaliyang'ana osaphethira. Tikugwira ntchito titamanga nsalu kumphuno.

Nkhani yoti Saenah wachira mwana wake wachiwiri, wamwamuna, ndinakamuuza Jumadil ndekha. Anavina pakati pa msewu, mpaka woyendetsa lole anamuimbira huta. Akuti dzina la Fathul alikonda, ngakhale iye akanasankha lalifupi, loti alamu ake asavutike nalo pamakina.

Sabata yatha ndagoba chidindo changa choyamba, cha wosula golide wa mumsewu wathu. Chidindo ndi chovuta, chifukwa zilembo zimakhala zotembenuka ngati pagalasi, kuti zikadindidwa ziwerengeke bwino. Komanso chizindikiro cha munthuyo panalibe pa zilembo zathu zamkuwa, ndiye ndinachijambula chachikulu, n'kuchisema ndi dzanja papulasitiki, makina n'kuchichepetsa. Tauke anachiyang'ana ndi galasi lake lokulitsira zinthu, n'kudinda papepala katatu. Sanayamikire. Anangoti, "Maso anga asamukira kwa iwe." Ndinapita kuseri kukasamba kumaso kuti asandione.

Mu envulopu muno muli kabaji kabuluu. Ndagoba dzina la Wardah pa kapulasitiki kotsala. Mumusokerere pachikwama cha kusukulu.

Za Jumadil ndilembeko pang'ono, koma zithere kwa inu. Nyumba imene ankamanga ija yaima. Ndalama ya dziko lino yagwa, ndipo kontrakitala wawo wasowa ngati mame. Chilolezo cha Jumadil chinatha mwezi watha, munthu uja sanachikonzetse. Masiku ano apolisi akuimitsa mabasi ndi kutchinga misika kufunsa mapepala. Jumadil akuti musadandaule, wapeza ganyu m'munda wina kunja kwa tauni. Koma Loweruka lathali sanabwere. Saenah wangochira kumene, musamuuze, mkaka ungaume.

Mwati mpunga wakwera mtengo. Umene tinakolola musagulitseko ngakhale thumba limodzi, zivute zitani.

Mwamuna wanu,
Sahdan

Batu Pahat, 25 Januwale 1998

Make Wardah,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kusala kudya kukuyenda bwino kumeneko. Pepani kuti mwezi watha sindinalembe. Ndinali bwino ndithu, kungoti mutu unali ndi zambiri.

Konzani mphasa, Jumadil akubwera. Wanyamuka dzulo. Sakudzera padoko la sitima zazikulu, chifukwa pamenepo amafuna mapepala. Wapeza anthu amene amawolotsa anzathu paboti kukafika kutsidya, ndipo kuchokera kumeneko adzakwera sitima yabwinobwino ya ku Surabaya, kenako mpaka kwathu ku Lombok. Tsiku la Idi lidzamupeza m'njira, koma sabata ikamatha adzakhala atafika. Ambiri adutsa njira imeneyi. Marzuki wa kumudzi kwa azakhali anu alinso paulendo womwewo, ndiye sali yekha.

Mu Disembala tinasemphana mawu pang'ono ndi mlamu wangayu. Anandipempha kanthu kena, ine ndinakana. Ndi zathu, zidzatha. Akafika n'kumandinena, muzingomusiya, mukumudziwa pakamwa pake.

Lachisanu tinakumana kuseri kwa mzikiti. Ndinamupatsa ya ulendo ndi kaphukusi kanu. Muli nsalu yanu yobiriwira, mankhwala opaka a mawondo a mayi, ndi nsapato zofiira za Wardah. Ndinayeza ndi ulusi umene munatumiza uja, ndipo ndawonjezerako chala chimodzi poti mwana akukula. Jumadil anati phukusilo lakula, ndiye nsalu ndi mankhwala waika m'chikwama, nsapato wamanga m'jumbo m'chiuno pamodzi ndi pasipoti yake.

"Zikasowa izi, mlongo wanga andipha ndisanalonjeredwe," anatero.

Posiyana anandigwira dzanja, koma sanandiyang'ane kumaso. Ndinamupempha kuti tikhululukirane, poti Idi yayandikira. Anati, "Zidzaoneka kutsogolo, Aphunzitsi," n'kumapita.

Inunso mundikhululukire zolakwa zanga zonse, zooneka ndi zobisika. Akangofika mundilembere tsiku lomwelo.

Mwamuna wanu,
Sahdan

Batu Pahat, 8 Febuluwale 1998

Make Wardah,

Moni nonse. Ine ndili bwino.

Kodi wafika? Nanga Marzuki? Kalata yanu ya Idi ndailandira, koma munailemba iye asanayenere kufika, ndiye siyikundiuza kanthu.

Kuno anthu akulankhula zinthu zosiyanasiyana kumzikiti, ndipo sindikufuna kulemba zimene sindinaone. Maboti ananyamuka ambiri sabata imene ija. Mwina ali kutsidya akudikira sitima, poti nthawi ya Idi matikiti amavuta. Mwinanso anawagwira, ndipo ngati ndi choncho adzawatumiza kwathu pakapita miyezi.

Ndapempha Tauke masiku awiri kuti ndipite kumudzi wina wa asodzi kugombe, ndikafunse. Saenah musamuuze kanthu. Ngati Jumadil ali pomwepo pamene mukuwerenga kalatayi, mumuuze kuti wandisowetsa tulo, ndipo ndidzamubwezera.

Sahdan

Batu Pahat, 22 Febuluwale 1998

Make Wardah,

Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera.

Pofika kalatayi mudzakhala mutamva kale kwa amalume anu, amene ndinalankhula nawo pa telefoni. Anandiuza kuti mudzafuna kudziwa zonse, ndiye ndikulemba monga ndinazionera.

Boti lija linali la anthu makumi atatu, koma anakwezamo oposa makumi asanu ndi limodzi. Silinapite patali. Litangotuluka pamathiriro a mtsinje linakumana ndi mafunde, anthu anathamangira mbali imodzi, n'kutembenuzika. Ena anasambira, ena anatoledwa ndi asodzi. Marzuki ali moyo, ali m'manja mwa boma, ndipo akuti adzamutumiza kwathu. Kwa masiku atatu asodzi a mudzi umene ndinapita uja ankapeza matupi m'maukonde ndi m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja. Anapeza asanu ndi anayi. Sakanatha kudikira abale. A shehe a m'mudzimo ndi anthu awo anawasambitsa, kuwaveka nsanda, kuwaswalira, n'kuwaika m'manda awo. Anthu osatidziwa n'komwe, Make Wardah. Nsanda anasonkherana okha.

Kupolisi anandionetsa zithunzi. Sindinazindikire aliyense, ndipo musandifunse chifukwa chake. Mtima unayamba kukhala pansi, ndimati mwina sali m'gulu limeneli. Kenako anatulutsa zimene anapeza pathupi la aliyense, m'matumba olembedwa manambala. Wapolisi atamasula thumba la nambala 7, nsapato zofiira zinagwera patebulo.

"Mukuzidziwa?" anandifunsa.

Ndinati, "Ndinagula ndine."

Anandikokera mpando, n'kundibweretsera madzi. Pasipoti inalimonso, yonyowa koma yowerengeka.

A shehe ananditengera kumanda. Ali asanu ndi anayi pamzere umodzi, kumapeto, pafupi ndi mpanda. Pa aliyense pali thabwa lolembedwa nambala ndi penti. Ndinakhala pansi pa nambala 7, ndinawerenga mapemphero a dua amene ndikudziwa, ena ndinasokoneza. A shehe anamaliza ndiwo. Anandiuza kuti amene anamusambitsa ndi iwo eni, ndipo anati anali munthu wa mapewa a ntchito.

Ndatumiza ya sadaka ya masiku makumi anayi. Ng'ombe musagulitse chifukwa cha zimenezi. Mayi musawasiye okha. Kwa Saenah sindikudziwa cholemba, ndayamba katatu n'kung'amba. Mumuuze kuti ana ake awiriwo ndi anga kuyambira lero, chimene adye Wardah adzadya iwonso.

Nsapato zili kwa ine. Ndazichapa, zauma. Sindikudziwa ngati ndizitumize kapena ayi. Mundiuze inu.

Mwamuna wanu,
Sahdan

Batu Pahat, 19 Epulo 1998

Make Wardah,

Salaam aleikum. Mwina simukufuna kumva za moyo wanga, koma ndili moyo.

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati Marzuki wafika, ndipo wanena pamaso pa mayi ndi Saenah kuti akudikira boti m'tchire, Jumadil anamuuza kuti, "Alamu anga akanandigobera chidindo, bwenzi ndikukwera sitima ya mipando." Mwandifunsa funso limodzi lokha, ngati zili zoona.

Ndi zoona. Ndinayenera kukuuzani ndekha kalekale.

Linali Lamlungu masana, pa 21 Disembala. Shopu inali yotseka, ine ndinalowa kudzathira mafuta makina. Jumadil anagogoda kukhomo lakuseri. Anali ataonda, miyendo yonse zilonda za udzudzu. Ndinamugulira mpunga, anadya. Atatha anatulutsa pasipoti ya mnzake, n'kutsegula tsamba limene panali chidindo cha chilolezo chatsopano, n'kuiika pamakina.

"Aphunzitsi, taonani ichi. Kwa inu ndi ntchito ya masiku angati?"

Ndinachiyang'ana. Sindikunamizani, ndinaona nthawi yomweyo mmene ndikanachitira. Kuchijambula chachikulu, kuchisema, kuchichepetsa kanayi. Malamlungu awiri chikanatha, ndipo wochiona sakanasiyanitsa.

Ndinati, "Sindingathe."

"Simungathe, kapena simukufuna?"

"Akakugwira nacho adzafunsa amene anagoba. M'tauni muno makina otere alipo awiri okha. Adzatseka shopu ya mkulu uja, ine adzandimanga, iwe adzakukwapula. Ndiye ana ako ndi wanga adzadya chiyani?"

"Sindingakutchuleni."

"Aliyense amatero asanamenyedwe."

Anaseka, koma si kuseka kwake kuja. Kenako anati, "Alamu, ndagona m'munda wa kanjedza masabata asanu ndi atatu. Galu akauwa ndimathawa. Njinga yamoto ikadutsa ndimathawa. Ndatopa n'kuthamanga. Ndikufuna ndidutse padoko ngati munthu, ndikanyamule mwana wanga amene sindinamuonepo. Sindikupemphani ndalama. Ndikupempha dzanja lanu Malamlungu awiri."

Ndinamuuza kuti adikire, mwina Idi ikadutsa boma lidzakhululukira opanda mapepala. Anandifunsa kuti adikirire kuti. Koma kumene ine ndimagona tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo mwini nyumba amawerenga nsapato pakhomo. Anatenga pasipoti ija, n'kuibweza m'thumba.

"Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu wolungama," anatero. "Tiziyamika."

Anatuluka, ine ndinatseka chitseko, n'kupitiriza kuthira mafuta. Zimenezi ndiye zinachitika, sindinachotsepo kapena kuwonjezerapo.

Ndinkaopa, Make Wardah. Ndinkaopa ndende, ndinkaopa kubwerera kumunda wa kanjedza, ndinkaopa nkhope ya Tauke. Ndinkaganizanso za inu ndi Wardah, koma sindibisala kumbuyo kwanu. Za boti ndinadziwa, ndipo ndalama yake ndinapereka ndine, mtima uli m'malo kuti nkhani ya chidindo yatha. Tsiku lililonse ndikagwira kamsomali kaja ndimawerenganso, ndikanagoba, ndikanapanda kugoba. Tsiku lina yankho limatuluka lina, mawa lake lina.

Mwati munamulera ndinu bambo atamwalira, munamubereka kumbuyo muli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pamene ndinkakwera basi ya ulendo wobwera kuno munandiuza kuti ndimuyang'anire. Ndikukumbuka. Ndinavomera.

Lembani chilichonse, ngakhale chotukwana.

Sahdan

Batu Pahat, 5 Julayi 1998

Make Wardah,

Moni kwa inu, kwa mayi, kwa Saenah ndi ana onse. Iyi ndi kalata yachitatu chilandirireni yanu ya mu Epulo. Amalume anu andiuza pa telefoni kuti zonse zikufika, ndipo nonse muli bwino. Andiuzanso kuti mwatseka nyumba yathu, mwasamukira kwa mayi. Sindikutsutsa. Mungouza wina azikatsegula mawindo kamodzi pa sabata, chiswe chingalowe m'matabwa.

Sindikulemba kuti ndidzikambire. Ndili ndi pempho limodzi. Penti ya pathabwa la Jumadil yayamba kufufutika ndi mvula. A shehe andilola kuikapo dzina. Ndagula kale mkuwa wokhuthala, umene sudyeka ndi mphepo ya kunyanja. Koma mukudziwa kuti amene anamukonzera pasipoti analemba zawozawo. Dzina analidula, zaka anamuwonjezera, ndipo dzina la bambo si lawo. Sindikufuna kugoba bodza pamanda ake. Tsiku limene anabadwa sindikulidziwa, ndipo dzina lonse la malemu bambo anu ndimalimva mosiyanasiyana.

Amene akudziwa ndinu. Ngati simukufuna kulembera ine, lembani papepala popanda moni, mupatse Wardah aike mu envulopu.

Zilembo ndandandalika kale mpaka pamene ndikudziwa. Ndikudikira.

Sahdan

Batu Pahat, 13 Seputembala 1998

Make Wardah,

Salaam aleikum. Ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupezeni muli ndi mphamvu. Ine thupi lili bwino.

Pepala lanu linafika. Ndinazindikira dzanja lanu ndisanatsegule. Jumadil Akhir bin Sapi'i, 9 Seputembala 1967. Pansi pake mwalemba kuti chaka chino ndisabwere, mayi sangathe kundiona. Ndamva, sindibwera.

Ndinagoba Lamlungu lathali. Sindinafulumire. Chilembo chilichonse ndinadutsamo katatu kuti chizame, kenako ndinathiramo penti yakuda n'kupukuta. Sindinaime mpaka nditafika pa tsiku lomwalira. Pamenepo ndinazimitsa makina, ndinatuluka panja, ndinabweranso n'kumaliza.

Lachitatu, tsiku lake lobadwa, Tauke anati anditengera yekha pagalimoto, ngakhale adokotala anamuletsa kuyendetsa mtunda wautali. Kumanda anaima kunja kwa mpanda atavula chipewa. A shehe anali atakonza thabwa latsopano la mtengo wolimba. Ndinamanga mkuwa uja ndi masikuluwu anayi, ndipo a shehe anawerenga dzinalo mokweza, lonse, n'kupempha dua. Mwa asanu ndi anayi aja, atatu okha ndi amene abale awo apezeka. Ndawauza kuti dzina lina likadziwika azinditumizira, ndidzagoba.

Tsopano pali china chimene muyenera kumva. Chija munamva kwa Marzuki, ichi mumve kwa ine.

Pobwerera Tauke anandifunsa chimene chinachititsa kuti munthu wanthabwala uja akwere boti lotere. Ndinali ndisanamuuzepo. Ndinafotokoza zonse, za chilolezo, za m'munda wa kanjedza, za chidindo. Anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu.

"Chidindocho unachita bwino kukana," anatero. "Ndikanakuthamangitsa ndekha. Koma n'chifukwa chiyani sunandiuze?"

Ndinati, "Ndinkaopa kuti mukamva kuti ndili ndi m'bale wopanda mapepala, mundichotsa ntchito."

"Sahdan, pamwamba pa shopu pali chipinda cha mwana wanga. Chakhala chopanda munthu zaka zisanu ndi ziwiri, bedi lilimo, fani ilimo. Akanagona mmenemo. Msuweni wa mkazi wanga ntchito yake ndi yoyendetsa mapepala a antchito. Tikanalipira chindapusa, akanapatsidwa kalata yotulukira, n'kukwera sitima padoko. Ndinachitirapo anthu awiri kale, anthu oti sanandiseketsepo n'kamodzi komwe."



"Unkadya nane patebulo limodzi tsiku ndi tsiku," anapitiriza Tauke. "Unkangofunika kutsegula pakamwa."

Kenako analira, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri, pamsewu, malole akudutsa. Ine misozi sinatuluke. Ndinangokhala.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi funso la kugoba kapena kusagoba, ndimayesa kuti njira zinali ziwiri zokha. Masitepe opita kuchipinda chimenecho ali kumbuyo kwa makina. Tsiku lija Jumadil anadya mpunga wake atakhala pa sitepe yachiwiri.

Ndikanatha kukubisirani zimenezi, palibe akanakuuzani. Koma ngati tsiku lina mudzandikhululukire, mudzakhululuke mukudziwa zonse. Ngati simudzatero, mudzakhalanso mukudziwa chifukwa chake. Mayi ndi Saenah muwauze kapena ayi, muone ndinu.

Ndalama ndizitumizabe mwezi ndi mwezi kwa amalume anu, za nyumba zonse ziwiri. Ndaikamo chithunzi cha manda. Mayi muwaonetse masana panja, kuti athe kuwerenga dzina. Saenah mumuuze kuti malowo ndi okwera, madzi a mvula saimapo, ndipo akazi a a shehe amasesapo Lachisanu lililonse.

Ine, ngati mukundilolabe kulemba chomwechi,
mwamuna wanu,
Sahdan